Musanavule yunifomu: momwe asilikali athu a ku Britain angapewere kusowa pogona

Lamulungu lina m'nyengo yozizira, nthawi ija kumada 4 koloko madzulo, ndinaperekeza m'bale wina wa kwathu kugalimoto yake titaweruka kutchalitchi. Atatsegula chitseko ndinaona gombeza lopindidwa bwino pampando wakumbuyo, malaya atatu ositasita atakolekedwa pawindo, ndi kajumbo ka mswachi ndi sopo. Nsapato zake zinali phuliphuli ngati akupita pa perete. Sindinafunse kanthu, koma iye anadziwa kuti ndaona. Anali atagona m'galimotomo masabata atatu, akumasamba ku jimu, munthu woti wagwira usilikali wa Britain zaka 9. Kumudzi anali ndi nyumba ya njerwa zootcha yofika m'mawindo. Kuno analibe ngakhale kachipinda.

Ana a kwathu alipo ndithu m'makambi a Catterick, Tidworth, Aldershot ndi Colchester, analowa usilikali ngati nzika za Commonwealth. Ndikulembera inu amene tsiku lotuluka likuyandikira, akazi anu ndi amuna anu, komanso inu amene munatuluka kale ndipo zinthu zayamba kuthina. Chimene ndaona n'chakuti kusowa pogona sikuyamba tsiku lobweza makiyi. Kumayamba chaka chimodzi kapena ziwiri m'mbuyo, pamene munthu akuti "tikaonera konko." Malamulo a nyumba amene nditchule ndi a ku England; a ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland amasiyanako pena ndi pena.

Choyamba: lembani tsiku lotuluka, muwerenge chobwerera m'mbuyo

Msilikali wa ku Army wofuna kusiya yekha amapereka notisi ya miyezi 12. Amene wagwira zaka 6 kapena kuposerapo amatha kuyamba maphunziro okonzekera moyo wa kunja kudzera ku Career Transition Partnership, ndondomeko ya boma yothandiza asilikali otuluka kupeza ntchito, kutatsala zaka ziwiri. Musadikire kuti abwana akukumbutseni. Tengani kalendala, zungulizani tsikulo, kenaka ikani zizindikiro zitatu m'mbuyo mwake: kutatsala miyezi 6, kutatsala masabata 18, ndi kutatsala masiku 56. Tanthauzo la masiku amenewa muliona pamene tikupitirira.

Chachiwiri: mapepala okhalira m'dziko

Apa ndi pamene ife obwera timasiyana ndi anzathu obadwira konkuno, ndipo ndi pamene ambiri amagwera. Muli pantchito, malamulo a olowa ndi otuluka m'dziko sakukhudzani.  Koma ufulu umenewo umathera pageti tsiku lotuluka. Amakupatsani masiku 28 okha kuti mukonze mapepala kapena muchoke. Anthu ena amaganiza kuti poti analumbira kutumikira Mfumu, chilolezo chokhala mpaka kalekale chimabwera chokha. Sichibwera chokha ayi. Mu 2020 asilikali akale 8 ochokera ku Fiji anafika mpaka kukhoti pa nkhani yomweyi, atadzazindikira patapita zaka kuti alibe chilolezo chokhalira m'dziko lomwe analimenyera nkhondo.

Wopanda mapepala sangalembedwe ntchito, sangapeze nyumba ya lendi chifukwa eninyumba ku England amakakamizidwa ndi lamulo kuona mapepala a munthu asanam'patse makiyi, ndipo sangalandire Universal Credit, ndalama ya boma yothandiza osowa ntchito ndi opeza zochepa. Zitseko zonse zimatsekeka nthawi imodzi.

Ndiye chitani izi. Ngati mwagwira zaka 4, mukhoza kupempha Indefinite Leave to Remain, chilolezo chokhala mpaka kalekale, pa fomu yotchedwa SET(AF), ndipo amalola kuitumiza kutatsala masabata 18 kuti mutuluke. Itumizeni sabata yoyamba yomweyo. Kuyambira mu April 2022, msilikali amene wagwira zaka 6, kapena amene watulutsidwa chifukwa cha matenda kapena kuvulala kobwera ndi ntchito, salipira fomuyi. Koma samalani: kukhululukaku kunali kwa msilikali yekha, osati banja lake. Mu 2025 mtengo wa munthu mmodzi unapitirira £3,000. Mkazi ndi ana awiri ofunika chilolezo, ndiye kuti £9,000 ndi kanthu. Mitengo ndi malamulo awa amasinthasintha, choncho onani zalero pa GOV.UK, ndipo lankhulani ndi a Army Families Federation, omwe ali ndi anthu odziwa bwino nkhani za asilikali ochokera kunja ndipo salipiritsa. Afunseninso za mwana aliyense payekha, chifukwa mwana wobadwira ku UK kholo lake lili pausilikali amakhala kale nzika, ndipo simuyenera kumulipirira chilolezo chimene sakufunikira.

Njira ina, imene ine ndimaiona yabwino koposa kwa amene nthawi ikadalipo, ndi kupempha unzika wa Britain mukadali pantchito mukakwanitsa zaka 5 zokhala m'dziko. Malamulo a Malawi tsopano amalola unzika wa mayiko awiri, ndiye mantha akale aja akuti mutaya kwanu anachepa. Ndipo ngati mwaganiza zobwerera kumudzi kaye, dziwani kuti mpata wopempha chilolezo chokhazikika ngati msilikali wakale umatseka pakapita zaka ziwiri chitulukireni.

Chachitatu: dziwani mtengo weniweni wa moyo wa kunja kwa kambi

Usilikali umalera munthu ngati mwana wa m'nyumba. Ndalama ya pogona amadula malipiro asanafike m'manja, ndipo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi lendi ya kunja. Mpopi ukatha mumangoimba foni. Dokotala ndi wa mano ali pomwepo. Mnyamata amene analowa ali ndi zaka 20 akhoza kufika zaka 30 asanaonepo bilu ya council tax (msonkho wa khonsolo) yolembedwa dzina lake. Umenewu si uchitsiru. Sanapatsidwe mpata wophunzira.

Khalani pansi ndi pepala, ndipo ngati muli pabanja mukhale awiri. Sankhani tauni imene mukufuna kukakhala, tsegulani Rightmove kapena SpareRoom muone lendi yake yeniyeni. Tiyerekeze kuti mwapeza nyumba ya £900 pamwezi. Lamulo la ku England silola dipoziti yopitirira lendi ya masabata 5, ndiye ndi pafupifupi £1,038. Onjezani lendi ya mwezi woyamba, mwafika £1,938 musanagule bedi kapena mphika. Makampani ambiri obwereketsa nyumba amafunanso kuona kuti malipiro anu a pachaka akufika lendi ya mwezi kuchulukitsa ka 30, apa ndiye £27,000, apo ayi mupeze munthu wokuimirani. Anzathu a konkuno amaimiridwa ndi makolo awo. Ife makolo athu ali ku Ntcheu ndi ku Chipata. N'chifukwa chake ndalama yosunga kwa ife si nkhani yosankha.

Pansi pa lendi lembani council tax, magetsi ndi gasi, madzi, intaneti, inshuwalansi ya galimoto, mafuta, chakudya, ndi zimene mumatumiza kumudzi. Mukapeza chiwerengero chonse, chotsanipo zimene mukuwononga panopa m'kambi. Kusiyana kwakeko muzikusamutsira ku akaunti ina tsiku lolandira lomwelo, mwezi ndi mwezi, ngati kuti mwayamba kale kulipira lendi. Mukatero mupindula pawiri: thumba likukula, ndipo thupi likuzolowera moyo umene ukubwera. Ngati mwezi wachitatu mwalephera, ndiye kuti mwadziwa zoona mukadali ndi denga, ndipo mukhoza kusintha tauni kapena kukula kwa nyumba. Cholinga chikhale ndalama yokwanira miyezi itatu yonse, kuwonjezera pa dipoziti ndi ya mapepala. Amene dzanja limawayabwa angagwiritse ntchito Joining Forces, mgwirizano wa mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama omwe amadula ndalama pa malipiro penipeni isanafike kwa mwini wake.

Chachinayi: lankhulani ndi akumudzi, ndipo munene zoona

Gawo ili silipezeka m'timabuku ta ku kambi, komatu kwa ife ndi limene limalemera. Foni imalira usiku: fizi ya mng'ono wanu, feteleza, amayi agonekedwa kuchipatala, maliro a amalume, mmisiri akuti simenti yatha. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe mwana wolera bwino amene angatseke makutu. Ine sindikuuzani kuti musiye kuthandiza. Ndikuti ikani malire, muwanene poyera, kutatsala chaka. Auzeni akuluakulu a banja kuti, "Ntchito ikutha mwezi wakutiwakuti. Kuyambira lero ndizitumiza mwakuti pamwezi, ndipo kwa miyezi 6 nditatuluka mwina ndichepetsa." Mawu amenewa amawawa kuwatulutsa, chifukwa kumudzi amakuonani ngati mtengo waukulu wa pabwalo. Koma makolo ambiri akamva chilungamo amamvetsa. Chimene chimawapweteka n'kudzamva kwa anthu kuti mwana wawo akugona m'galimoto.

Za nyumba ya kumudzi, maganizo anga ndi awa: imikani kaye ntchito yomanga kufikira dipoziti ya kuno ndi ndalama ya mapepala zitakwana. Khoma lofika m'mawindo lidikira. Masiku 28 aja sadikira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo ndalama ya padzidzidzi musaisunge mu makwacha: mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anasungitsa ndalama kumudzi poganiza kuti adzaibweza kuno ikadzafunika anapeza yafota. Ngati muli m'chipereganyo ndi anzanu a m'kambi, pemphani kuti ulendo wanu wolandira ugwe pafupi ndi mwezi wotuluka.

Chachisanu: ngongole ndi mbiri yanu kumabanki

Pemphani lipoti la ngongole zanu ku Experian, Equifax ndi TransUnion, makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu. Lamulo limakulolani kuliona kwaulere. Eninyumba ambiri nawonso amafufuza mbiri yanu ya ngongole. Asilikali ambiri mbiri yawo imaoneka yoperewera chifukwa chosamukasamuka, choncho lembetsani m'kaundula wa ovota pa adiresi yanu, poti nzika za Commonwealth zokhala kuno movomerezeka zimaloledwa.

Galimoto yapamwamba ya ngongole ija, ngati malipiro ake a pamwezi akufanana ndi theka la lendi, ganizirani zoibweza kapena kuisintha mukadali pantchito. Akatapila a pa intaneti, aja obwereketsa lero kuti mubweze tsiku lolandira, athaweni. Ngongole zikachuluka imbirani StepChange, National Debtline kapena Citizens Advice. Onsewa ndi aulere, ndipo ku England ndi Wales akhoza kukulowetsani mu Breathing Space, masiku 60 amene okongoza saloledwa kukuvutitsani kapena kuwonjezera chiwongoladzanja pamene mukukonza dongosolo. Ndalama zikachepa, lendi ndi council tax zikhale patsogolo pa khadi la ngongole, ngakhale a khadi ndi amene amaimba foni kwambiri.

Ndinenepo za njuga, poti imadya mwakachetechete m'zipinda za m'kambi, pa foni, Loweruka masana mpira ukuseweredwa. Ngati mukudziwa mumtima kuti yakugwirani, lembetsani ku GamStop kuti makampani a njuga za pa intaneti akutsekereni, ndipo muchite zimenezi ndalama yotulukira isanalowe mu akaunti.

Chachisanu ndi chimodzi: nyumba yeniyeniyo

Kutatsala miyezi 6, pemphani chikalata chotchedwa Certificate of Cessation of Entitlement to Occupy. Chimanena tsiku limene ufulu wanu wokhala m'nyumba ya usilikali uthere, ndipo ndi umboni umene khonsolo imalandira. Okhala m'nyumba za mabanja amalandira notisi ya masiku 93. Mukapitirira tsikulo musanachoke, mtengo umakwera ndipo ngongole imayamba kuunjikana.

Chikalatacho chikangofika, pitani nacho ku ofesi ya nyumba ya khonsolo ya dera limene mukufuna kukakhala, mukalembetse pa mndandanda wa nyumba za khonsolo. Kale ankabweza anthu ponena kuti "simuli a kuno." Kuyambira mu December 2024, ku England msilikali wakale sangakanizidwe kulembetsa pa chifukwa chimenecho, kaya anatuluka liti. Komabe ndisakunamizeni: kulembetsa si kulandira makiyi. Mizere ndi yaitali, makamaka ku London ndi kummwera, ndipo munthu wosakwatira wopanda ana akhoza kudikira zaka. Lembetsani, koma musagonere pamenepo.

Masiku 56 aja ndi awa. Lamulo la Homelessness Reduction Act la 2017 limati munthu amene akuoneka kuti asowa pokhala m'masiku 56 akubwerawa, khonsolo iyenera kumuthandiza kupewa zimenezo ndi kumulembera dongosolo lake. Simuyenera kudikira kuti mugone panja kaye. Mukapita, nenani momveka kuti munali msilikali, sonyezani Veteran Card kapena mapepala otulukira, ndipo ngati muli ndi ana, mkazi woyembekezera, chilema, kapena matenda a maganizo obwera ndi ntchito, musabise. Asilikali anaphunzitsidwa kuyankha kuti "ndili bwino" ngakhale mwendo ukutuluka magazi. Mu ofesi imeneyi yankho limenelo limakuikani kumapeto kwa mzere.

Nthawi yomweyo gogodani makomo ena. Haig Housing imabwereketsa nyumba kwa asilikali akale ndi mabanja awo pa mtengo wotsikirapo. Stoll ili ndi nyumba makamaka ku London ndi madera oyandikira. SSAFA, bungwe lomwe lakhalapo kuyambira 1885, limatumiza munthu kudzakhala nanu pansi n'kukufunirani thandizo la dipoziti, mipando kapena lendi yotsalira kuchokera ku mathumba osiyanasiyana, kuphatikizapo a rejimenti yanu. Royal British Legion imachitanso chimodzimodzi. Kwa amene akadali ndi zaka zingapo pantchito ndipo akuganiza zogula, pali Forces Help to Buy: ngongole yopanda chiwongoladzanja yofika theka la malipiro a pachaka, osapitirira £25,000, yobweza pa zaka 10. Ndi ya amene akadali mu yunifomu, ndiye ikufunika kuiganizira msanga.

Mukapeza ya lendi, musapereke ndalama musanaione ndi maso, ngakhale zithunzi za pa Facebook zikongole bwanji. Jambulani chipinda chilichonse tsiku lolowa. Dipoziti yanu iyenera kusungidwa ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30, ndipo akupatseni umboni wake.

Chachisanu ndi chiwiri: ndalama zanu zimene mwina simukuzidziwa

Aliyense amene wagwira zaka ziwiri ali ndi penshoni ya usilikali, ngakhale sankadulidwa kanthu pa malipiro. Kwa ambiri otuluka msanga imadikira mpaka ukalamba, ndipo sibwera yokha: muyenera kudzaipempha ku Veterans UK, ngakhale mutakhala ku Mzuzu. Sungani nambala yanu ya usilikali ndi makalata onse mu envelopu imodzi, ndipo mkazi kapena mwamuna wanu adziwe pamene ili. Wogwira zaka 12 amene sakulandira penshoni pompopompo amapatsidwa Resettlement Grant. Wogwira zaka 20 amene wafika zaka 40 zakubadwa amalandira Early Departure Payment, ndalama ya nthawi imodzi ndi ina ya mwezi ndi mwezi. Ndalama ya nthawi imodziyo isakhudzidwe kwa miyezi itatu yoyamba kupatula pa nyumba ndi mapepala. Abale a mapulani a bizinesi ya minibasi adzabwera okha, auzeni adikire.

Bondo, msana kapena makutu zikawonongeka chifukwa cha ntchito, Armed Forces Compensation Scheme imapereka chipukuta misozi pa zovulala za kuyambira pa 6 April 2005, ndipo nthawi yopemphera ndi zaka 7. Onetsetsani kuti dokotala wa m'kambi walemba vuto lililonse m'faelo musanatuluke.

Ngati ntchito sinapezeke, pemphani Universal Credit mukangotuluka, chifukwa ndalama yoyamba imatenga pafupifupi masabata 5. Dziwaninso kuti wosakwatira wosafika zaka 35 kawirikawiri amangopatsidwa ndalama ya lendi ya chipinda chimodzi m'nyumba yogawana, ndipo wokhala ndi ndalama yosunga yopitirira £16,000 salandira.

Ngati madzi afika kale m'khosi

Mwina mukuwerenga izi lendi yatsalira miyezi iwiri, kapena mukugona pa sofa ya mnzanu ndipo mkazi wake wayamba kuyankhula ndi mapoto. Musachoke m'nyumba chifukwa cha kalata ya eninyumba yokha. Ku England munthu wa lendi yokhazikika amatulutsidwa ndi chigamulo cha khoti basi. Kusintha maloko kapena kutaya katundu panja ndi mlandu. Amene amakhala nyumba imodzi ndi mwini wake chitetezo chawo n'chochepa, ndiye iwo afulumire koposa. Mukachoka nokha musanafunse, khonsolo ikhoza kunena kuti mwadzisowetsa pokhala mwadala, n'kuchepetsa thandizo. Funsani a Shelter, bungwe lothandiza pa nkhani za nyumba, kapena Citizens Advice musanasaine kapena kulongedza chilichonse.

Imbani Op FORTITUDE pa 0800 952 0774. Ndi njira imene boma linakhazikitsa mu 2023 yolumikiza asilikali akale osowa pokhala, kapena amene atsala pang'ono kusowa, ndi nyumba komanso anthu owathandiza. Royal British Legion ili pa 0808 802 8080. Ngati tulo sitikubwera, mowa wachuluka, kapena zimene munaona kunkhondo zikubwerabwera m'mutu, a NHS ku England ali ndi Op COURAGE ya asilikali akale, ndipo mukhoza kudzipereka nokha osadzera kwa dokotala. Usiku ukakula ndipo maganizo oipa afika, a Samaritans amayankha pa 116 123 nthawi ina iliyonse.

M'bale wa galimoto uja manambala ena anali nawo kale m'foni. Chimene chinkamukanika n'kudina. Anati, "Achimwene, ine ndinkalamula anthu 8. Ndikayambe bwanji kunena kuti ndilibe pogona?" Tinakhala pa tebulo la kukhitchini kwanga, tiyi akuzizira m'makapu, ndipo tinalemba papepala mawu oyamba kuti angowerenga: dzina, nambala ya usilikali, rejimenti, tsiku lotuluka, ndi chiganizo chimodzi chakuti "ndikugona m'galimoto kuyambira tsiku lakuti." Anawerenga mawu akunjenjemera, koma anafika kumapeto, ndipo wa mbali inayo anayamba kufunsa mafunso.

Inu a m'mipingo ndi m'magulu a Amalawi ndi a ku Zambia kuno, mukaona gombeza pampando wakumbuyo, musamufunse pagulu. Muitanireni nsima kunyumba. Mulolezeni agwiritse ntchito adiresi yanu polandira makalata, chifukwa mafomu ambiri amafuna pofikira kalata. Muchapireni malaya. Ndipo m'mawa mwake, 9 koloko ikakwana, khalani pambali pake pamene akuimba foni, cholembera chili m'manja mwanu, muzilemba dzina la amene wayankha, tsiku, ndi zimene walonjeza.